Tiliboole kapena tilisiye? Mtsutso wa bokosi lakale la kompyuta

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10. Windows 11, imene inalowa m'malo mwake, ndi yosankha: imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel imalandira a m'badwo wachisanu ndi chitatu, amene anayamba kutuluka mu 2017, kupita m'tsogolo. Ku Ulaya ndi ku America maofesi akutulutsa makompyuta ambirimbiri akadali amoyo. Kuno ku Chipata tikudziwa kumene katundu wotere amathera. Salaula wa makompyuta achuluka, ndipo aja tinali nawo kale m'masukulu, m'maofesi ndi m'maparishi, ena obwera nthawi ya a Chiluba ndi a Mwanawasa, akankhidwira kumbuyo kwenikweni kwa chipinda chosungiramo katundu.

Mukaponya funso loti tichite nawo chiyani pakati pa anthu odziwa za makompyuta, yankho limodzi limawagawanitsa. Ena amati khuthulani zam'kati zonse, dulani ndi kuboola bokosilo pofunika, muikemo motherboard yatsopano, power supply yatsopano ndi SSD, basi kompyuta yabadwanso. Ena amati ayi, ndipo okanawa ali pawiri, sagwirizananso okhaokha. Gulu loyamba limati kuteroko n'kutaya nthawi ndi ndalama. Lachiwiri limati n'kuwononga mbiri.

Kunja mchitidwewu ndi masewera a anthu okhuta. Amatenga bokosi lotuwa la m'ma 1990, lokhala ndi batani la Turbo ndi polowetsa floppy, n'kubisamo zida zamphamvu kuti woona aliderere, koma akayatsa adzidzimuke. Ena amasakasaka Power Mac G5 ya Apple ya 2003 chifukwa cha bokosi lake la aluminiyamu, ndipo kampani ya ku Taiwan ya SilverStone inafika pogulitsa mabokosi atsopano opangidwa dala kuti azioneka akale. Chimawakoka n'kupukwa ubwana wawo, pamene kompyuta yotere inali pabalaza pa makolo awo. Kwathu kuno ndi angati anakulira m'nyumba ya kompyuta? Bokosi lotuwa limatikumbutsa ofesi ya boma, mzere wa ku banki, kapena kafe ya intaneti kumene tinkalipira ndi mphindi. Choncho za kukongola kwa zakale tizisiye kaye. Mtsutso wathu uli pa ndalama, kulimba, fumbi, akuba, ndi funso loti chofunika kusunga n'chiti.

Ovomereza amayambira pa chitsulo. Nyamulani bokosi la m'ma 1990 dzanja limodzi, dzanja linalo munyamule latsopano lotchipa, la mtundu uja umadzaza m'mashopu, ndipo kusiyana kwake mukumva m'mapewa. Lakale chitsulo chake chimayandikira milimita imodzi kuchindikala, pamene latsopano lotchipa ndi theka la milimita kapena kucheperapo, moti ukalikanikiza ndi chala limapindika. Kenaka amawerengera mtunda. Kuchokera ku Lusaka kufika kuno pa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 570. Lilongwe ili pafupi, koma pakati pali Mwami ndi misonkho yake. Motherboard, purosesa, RAM ndi SSD zimakwana m'chikwama cha m'manja, mutha kuzitumiza pa basi. Bokosi ndiye katundu wodya malo, m'kati muli mphepo yokhayokha, ndipo limafika lophwanyika pakona. N'kulipiriranji mayendedwe a chinthu chimene chili kale kuseri kwa ofesi yanu?

Amatinso Chipata ndi tauni ya njinga, ndipo munthu wa kuno safunika kuphunzitsidwa nzeru imeneyi. Nthawi ya a Kaunda fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle konkuno. Felemu yakale yolimba siitayidwa chifukwa choti tcheni chatha. Amaikamo malimu ena, masipoko ena, kaliyala wowotcherera ndi kakhushoni pamwamba, n'kumanyamulira anthu ndi matumba a makala zaka zina khumi. Palibe amati mnyamata wotero wawononga mbiri ya Luangwa Industries. Mfundo imeneyi tibwereranso, chifukwa okana nawonso amaifuna.

Mfundo ya akuba ndi imene ine imandigwira mtima kuposa zonse. Makompyuta ang'onoang'ono a masiku ano amakwana m'thumba la jekete, ndipo sukulu imene yagula makumi awiri otere yagulanso ntchito yolondera. Koma mukamangirira kabolodi ka kompyuta yotere ndi masikuluwu m'kati mwa bokosi lolemera lachikale, n'kutseka ndi loko pa kamphete kaja mabokosi ambiri a m'maofesi ali nako kumbuyo, wakuba asanyamuke nalo bwanji osaoneka? Ndiponso akasuzumira pawindo n'kuona mzere wa mabokosi otuwa a nthawi ya Windows 98, mtima wake umagwa. Kunyozeka kwa bokosi kumasanduka mlonda wosalipidwa.

Pomaliza amatchula maphunziro. Ambiri tikukumbuka Novembala 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a Computer Studies, ndipo m'masukulu ena anafika usiku akudikira mpata chifukwa makompyuta anali ochepa kwambiri. Dziko limene linaona zimenezo, ovomereza amatero, lilibe chifukwa chotayira chilichonse chimene chingachepetse mtengo wa kompyuta imodzi. Ndipo wophunzira wa pa Chipata Trades kapena pa Chizongwe amene wayeza, kuboola ndi kulumikiza yekha amadziwa kompyuta mosiyana ndi amene anangoloweza mayina a ziwalo zake pa bolodi la m'kalasi.

Mpaka apa zikumveka zokoma. Tiyeni tsopano tiyandikire pa tebulo la mmisiri, chifukwa gulu loyamba la okana lili pomwepo, ndipo ambiri mwa iwo ndi amisiri omwe.

Vuto loyamba ndi miyeso. IBM itatulutsa PC/AT mu 1984, makampani ena anatengera kapangidwe kake, ndipo kwa zaka zoposa khumi makompyuta ambiri anali a mtundu wa AT. Mu 1995 Intel inabweretsa ATX, umene tikugwiritsabe ntchito mpaka lero: bolodi ya masentimita 30.5 m'litali ndi 24.4 m'lifupi, mabowo a masikuluwu pamalo odziwika, ndi zenera kumbuyo, lalitali masentimita pafupifupi 16, lotulukirapo molowetsa USB, waya wa intaneti ndi zina zonse. Bokosi la AT zenera limeneli lilibe. Lili ndi kabowo kamodzi kozungulira ka kiyibodi, basi.

Mmisiri amayamba n'kukhuthula. Amapezamo fumbi lofiira lomatana, makoko a mazira a buluzi, nthawi zina chisa chadothi cha mavu pakona ya power supply. Akatero amagoneka bolodi yatsopano pa pepala, kulemba pamene pali mabowo, kusamutsira zizindikirozo pa chitsulo, kuboola, n'kumangapo timiyendo tamkuwa timene bolodi imakhalira kuti isakhudze chitsulo. Kamwendo kamodzi kakakhala pamalo polakwika kamagunda kunsi kwa bolodi, ndipo tsiku loyatsa limakhala tsiku la maliro. Zenera lakumbuyo amalidula ndi grinder n'kusalaza m'mphepete ndi tupa, apo ayi mawaya achekeka ndipo zala nazo sizipulumuka. Khola la madiski linakhomedwa ndi marivet, choncho aliyense ayenera kubooledwa payekha kuti kholalo lichoke. Ndiye pali utuchi wachitsulo umene grinder imamwaza ponseponse. Umabisala m'mipiringidzo ya chitsulo, ndipo kachidutswa kamodzi kakadzagwera pa bolodi patapita mwezi, mwini wake adzati mfiti. Pamafunika kukutumula, kupukuta, kudutsitsa maginito, kenaka penti kuti pamene padulidwa pasachite dzimbiri mvula ikayamba.

Ngakhale swichi yoyatsira ndi nkhani payokha. Ya bokosi la AT imadutsa magetsi enieni a ZESCO, mavolti 230, pa mawaya okhuthala ochokera ku power supply, ndipo ukaidina imakhala pompo. Ya ATX ndi kabatani kongogunditsa timawaya tiwiri kwa kamphindi. Odziwa amasiya swichi yakaleyo ili chokongoletsa chabe n'kumayatsira batani la Reset. Osadziwa amasewera ndi moyo wawo.

Wina anganene kuti mabokosi a AT atsala ochepa, ambiri amene tili nawo ndi a Dell, HP ndi Compaq ochokera m'maofesi a kunja. Zoona, koma amenewa ndiye amakani. Makampani akuluakuluwa ankakonda miyeso yawoyawo kuti ukafuna chosinthira ubwerere kwa iwo. Dell zina za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zinali ndi pulagi ya magetsi yofanana ndendende ndi ya ATX, koma mawaya ake atasinthanitsidwa, moti kulumikiza bolodi wamba kunali kuiotcha. Dell OptiPlex zambiri za pakati pa 2005 ndi 2010 zinatsatira BTX, muyeso umene Intel inayambitsa mu 2004 n'kuusiya patangopita zaka ziwiri, ndipo m'menemo bolodi imakhala mbali inayo, zonse zili chotembenuza. Mawaya a mabatani a kutsogolo nawo ali ndi pulagi yawo imene siilowa pena paliponse. Okana amafunsa kuti: mukaphatikiza tsiku lathunthu la mmisiri, chodulira cha grinder, penti ndi ngozi yootcha bolodi ya ndalama zambiri, kodi bokosi latsopano lija likadali lodula?

Kenaka kutentha. Power supply ya IBM PC yoyamba ya 1981 inali ya mawati 63.5 okha, yokwanira makina onse. Graphics card ya RTX 4090, yotuluka mu 2022, payokha imadya mawati 450 ndipo ndi yaitali kupitirira masentimita 30. Magetsi onsewo amathera kukhala kutentha. Bokosi lakale linapangidwa ndi kafani kamodzi ka masentimita 8, kawirikawiri ka mu power supply momwemo, kutsogolo kuli pulasitiki yotseka. Mwezi wa Okutobala ku Chipata kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo m'kashopu ka malata ku Kapata kumaposa pamenepo. Kuti makina amphamvu apume m'bokosi lotere muyenera kuboola mazenera a mafani a masentimita 12 kutsogolo, pansi ndi m'mbali. Mukatero fumbi la Ogasiti lapeza khomo, ndipo bokosi lakale lija mumalikonda latsala zibowo zokhazokha.

Apa ndikuona kuti okana apambana, koma apambana mlandu umene ambiri sitinasume. Ndani ku Chipata akufuna khadi ya mawati 450? Alipo, inde: anyamata okonza mavidiyo a maukwati ndi a Nc'wala, ojambula nyimbo m'masitudiyo, opanga zikwangwani. Amenewo agule bokosi latsopano lopita mphepo, asadzivute. Koma sukulu, chipatala chaching'ono, ofesi ya parishi, kashopu kotaipa makalata ndi kusindikiza mafomu, zimenezi zimafuna makina odya pang'ono. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinaphwetsa madzi ku Kariba mpaka magetsi ankathima maola 21 pa tsiku. Amene anapitiriza ntchito ndi amene makina awo ankatha kuyenda ndi sola ndi batire. Purosesa ya Intel N100 ya 2023 inapangidwira mawati 6. Bolodi za Mini-ITX, muyeso umene kampani ya VIA inayambitsa mu 2001, ndi masentimita 17 mbali zonse, masikuluwu anayi okha, ndipo zina zimalandira magetsi a batire osadzera pa inverter. Kabolodi kotere m'bokosi lalikulu lachitsulo kamakhala mwamtendere, sikasowa mafani owonjezera, ndipo kuboola kwake n'kochepa. Ku Côte d'Ivoire, Togo ndi maiko ena a kumeneko achinyamata a gulu la Jerry akhala akumanga makompyuta m'zigubu za pulasitiki za malita 20, umboni woti bolodi siisankha nyumba. Okana atha kulanda umboni womwewu n'kunena kuti ngati chigubu chikukwanira, grinder ndi yachiyani. Yankho ndi loti chigubu sichitsekeka ndi loko.

Gulu lachiwiri la okana silikamba za mawati. Awa ndi aphunzitsi a mbiri, okonda zakale, ndi akuluakulu ena amene anagwirapo ntchito pa makina amenewa ali atsopano. Iwo amabwerera ku njinga ija n'kunena kuti: mwanena bwino, felemu za Eagle zikuyendabe, koma tapezani Eagle imodzi yathunthu monga inatulukira m'fakitale, ndi chishalo chake, belu lake ndi penti yake, yoti tionetse mwana wa ku Mchini kuti tauni yake inkapanga ichi. Muisaka mpaka kutopa. Aliyense anasintha yake mwanzeru, ndipo tonse pamodzi tinatsala opanda chitsanzo.

Amatikumbutsa kuti Zambia ili ndi mbiri ya makompyuta yoti n'kunyadira. Mu 1994 ZAMNET, yobadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti, maiko ambiri a mu Africa asanafikepo. Makina a nthawi imeneyo anali otuwa omwewa. Chigawo cha Kummawa nachonso chinali ndi zoyamba zake: kompyuta yoyamba mu ofesi ya maphunziro, yoyamba pa Msekera, imene wailesi ngati Breeze FM kapena Radio Maria inajambulirapo mapulogalamu ake oyamba, ya m'kafe yoyamba ya intaneti. Lamulo la National Heritage Conservation Commission la 1989, likamakamba zinthu zamakedzana zopangidwa ndi anthu, limayang'ana kwambiri za chaka cha 1924 chisanafike. Kompyuta ya 1995 kwa lamulo limeneli ndi khanda. Ku Feni kuli nyumba yosungiramo zakale ya Nsingo, yotchedwa dzina la mwana wa Mpezeni amene anaphedwa ndi Angerezi mu 1898, ndipo zishango ndi mikondo zinafika kumeneko chifukwa wina anazisunga nthawi imene anzake ankaziona ngati zachabechabe. Chinthu chimakhala pangozi kwambiri chikatha ntchito koma chisanakalambe mokwanira kuti chilemekezedwe, ndipo makompyuta a m'ma 1990 ali pamsinkhu umenewo tsopano. Kudula sikubwezeka. Bolodi mutha kuichotsa n'kuibwezeramo, koma chitsulo chimene grinder yadya chapita.

Ovomereza sakhala chete. Amati kusunga kumene mukunenaku kuli kuti? M'zipinda zija makompyuta sakusungidwa, akuola. Bolodi zambiri za nthawi ya mapurosesa a 386 ndi 486 zili ndi kabatire kowotchereredwa pomwepo, ndipo kakakalamba kamatuluka madzi amene amadya timizere tamkuwa mpaka bolodi kufa. Makoswe amatafuna mawaya, denga likudontha, chiswe chikukwera makatoni. Ndipo zambiri mwa zimenezi sizingakhudzidwe n'komwe, chifukwa zinalembedwa GRZ ndi nambala ya m'kaundula wa katundu wa boma. Ahedi sangalole mmisiri kudula bokosi limene maodita adzalifuna, komanso sangalipereke kwa wosunga zakale popanda chilolezo chochotsera katundu m'kaundula, chimene chimatenga nthawi yake. Motero bokosi silidulidwa, silisungidwa, limangodikira dzimbiri. Kwa ovomereza, bokosi lodulidwa koma likugwira ntchito m'kalasi lili ndi ulemu woposa lathunthu limene likuolera mumdima.

Pali mfundo imodzi ya ovomereza imene ndimaikana poyera, ngakhale ndi imene imamveka yopatulika: yoti kukonzanso bokosi n'kusamala chilengedwe. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo zinali 22.3 peresenti yokha, ku Africa osafika ngakhale 1 peresenti. Vutolo ndi lenileni. Koma pa kompyuta yonse, bokosi ndilo chiwalo chosalakwa. Ndi chitsulo wamba, ogula zitsulo zakutha amachilandira pa sikelo, ndipo okhoma zidebe atha kupangira mbaula kapena fosholo yowolera zinyalala. Poizoni ali mu zimene mmisiri wachotsa zija. Maiko a European Union analetsa mtovu m'zowotcherera za zipangizo zamagetsi kuyambira Julayi 2006, kutanthauza kuti bolodi zakale kuposa pamenepo zili nawo. Galasi la sikirini zija za chimimba kumbuyo lili ndi mtovu wokwana kilogalamu kapena kuposa. Munthu wa ku Zambia safunika kuuzidwa zimene mtovu umachita kwa ana. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likudwalitsabe mpaka lero. Ndiye wina apulumutse chitsulo, aponye bolodi ndi sikirini kudzala kumene ana amaotcha mawaya kuti apeze kopa, n'kumati wateteza chilengedwe? Afunse kaye a ZEMA, oyang'anira zachilengedwe, kumene zotsalazo ziyenera kupita.

Msika nawo uli ndi mawu ake, ndipo suli mbali ya ovomereza. Kasitomala amene walipira ndalama ya chimanga cha chaka chonse amafuna chinthu chooneka. Mukamupatsa bokosi lotuwa, ngakhale m'kati muli zatsopano zokhazokha, adzakufunsani kuti, "Achimwene, ndalama zonse zija mwandipatsa chimenechi?" Chinyengo chimene timakumana nacho kuno n'chosemphana ndi masewera a kunja aja: bokosi lakuda lonyezimira, magalasi m'mbali, timagetsi tamitundumitundu, koma m'kati bolodi ya zaka khumi ndi zisanu. Chikomekome cha mkuyu. Pachifukwa chimenechi sindikuona kuti kukonzanso mabokosi akale kungakhale bizinesi yogulitsa kwa anthu wamba. Ndi ntchito ya mwini wake amene akudziwa chimene waikamo, kapena ya sukulu ndi ofesi zimene sizisamala za maonekedwe.

Ine ndaima pati? Mbali zonse zikulakwa pokamba za "bokosi lakale" ngati kuti onse ndi amodzi. Alipo mabokosi a ATX opanda dzina, aja ankamangidwa m'mashopu kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amene bolodi ya lero imangolowa popanda kudula kalikonse. Amenewa palibe mtsutso, agwiritseni ntchito, ndipo ndi amene mmisiri wanzeru amayamba kufunafuna. Alipo a Dell ndi HP a salaula, opangidwa mamiliyoni, amene mbiri yawo ndi ya ofesi ina ku Birmingham. Duleni mmene mungafunire ngati muli ndi nthawi, palibe adzalira. Ndiye alipo ochepa aja, a AT ndi ena akale kwambiri, makamaka amene tikudziwa kumene anagwira ntchito kuno kwathu. Amenewa ndi ovuta kwambiri kusintha, ndipo ndi omwewonso oyenera kusiyidwa athunthu, ndi kiyibodi yake, sikirini yake ndi madiski ake, kabatire koopsa kaja katadulidwa. Pamenepa mmisiri wowerengera nthawi yake ndi mphunzitsi wa mbiri akunena chimodzi mosadziwa. Sipafunika nyumba yaikulu: shelefu imodzi youma pa sukulu kapena pa koleji, ndi kapepala kolemba kuti makinawa anachokera kuti, anabwera chaka chanji, ankagwira ntchito yanji.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti onse akukangana za chitsulo. Apple-1 ya 1976, imene inagulidwa madola 905,000 pa okushoni ku New York mu 2014, inkagulitsidwa yopanda bokosi n'komwe. Phindu linali m'kati. Kwa ife phindu lenileni lili pa hard disk, kachitsulo kolemera kaja mmisiri amakaika pambali poyamba penipeni n'kukaiwala. M'menemo mutha kukhala zotsatira za mayeso a ana amene lero ndi makolo, kaundula wa ubatizo, maakaunti a makopaletivi a fodya ndi thonje, makalata a mafumu, mawu a nkhalamba zimene zinafunsidwa pa wailesi ndipo zinamwalira kalekale. Madiski a nthawi imeneyo ndi a IDE, a pulagi yotakata ya timano 40, ndipo bolodi zatsopano zilibe polumikiza pake. Pamafunika kachipangizo kosinthira ku USB, kamene si kodula, koma mashopu ambiri alibe chifukwa palibe amakafunsa. Diski imene yakhala zaka zambiri osazungulira itha kudzuka kamodzi kokha, choncho tsiku loyamba kuiyatsa ndi tsiku lokopera zonse, osati loyesera. Ndipo zimene zakopedwazo zili ndi eni ake. Chiyambire 2021 Zambia ili ndi lamulo la Data Protection Act, moti diski ya kuchipatala kapena kusukulu siyenera kutsala m'dilowa ya shopu kapena kugulitsidwa pa sikelo mayina a anthu ali momwemo. Ikopedwe, zokopedwazo zibwerere kwa eni ofesi, kenaka diskiyo ifufutidwe, ndipo mmisiri alembetse ntchito imeneyi pa mtengo wake asanagwire grinder.